Kuwerenga kwa a Mwenyekiti

"Buku la nkhondo ya Agiriki akale ndinaliwerenga katatu. M'Chingerezi chake chenicheni, chosathira madzi."

Amene ankanena zimenezi anali a Evarist, mwenyekiti wa dera la kudoko ku Mbamba Bay, mwini maboti anayi, munthu wovala wotchi yolemera kuposa dzanja lake. Anali atakhala pabenchi m'kanyumba ka tiyi ka Ketrina, kamene anthu a kumeneko amati mgahawa, ndipo ankauza akuluakulu awiri ochokera ku Songea amene anabwera kudzayendera msewu. Alendowo anagwedeza mitu, m'kamwa mutadzaza zitumbuwa.

"Zombo chikwi zinapita kunkhondoko," a Evarist anapitiriza. "Chikwi, bwana. Agiriki akale ankati, mwamuna wopanda bwato ndi mlendo m'nyumba mwake momwe."

Ketrina anathira tiyi. A Evarist anali atazinena m'Chiswahili, chinenero chimene chimasiyanitsa zinthu bwinobwino: buku amati kusoma, mbuzi amati kuhesabu. Koma makutu a Ketrina, ngakhale anali atakhala m'Tanzania zaka zoposa makumi awiri, ankatembenuzirabe chilichonse m'Chichewa cha kwawo ku Nkhotakota, ndipo kumeneko mawuwo ndi amodzi. Munthu amawerenga buku, amawerenganso mbuzi. Ngati ndi kuwerenga kwa mbuzi, anaganiza choncho akupukuta thebulo, ndiye n'zotheka. Bukulo ndi limodzi. Si lovuta kuliwerenga katatu.

"Shemeji uyu ndi mboni," anatero a Evarist, akumuloza ndi kapu. Ankamutcha shemeji, ndiko kuti mlamu, ngakhale panalibe ukwati uliwonse wowalumikiza. "Si choncho, shemeji?"

"Bukulo ndimalidziwa, bambo," anayankha Ketrina. "Ndiwonjezere shuga?"

Agiriki a m'kamwa mwa a Evarist anali anthu otanganidwa. Anali ndi maganizo pa kukwera kwa petulo, pa zisankho, ngakhalenso pa kavalidwe ka atsikana a masiku ano. Ketrina ankawadziwa Agiriki enieniwo, ndipo anali asanawamvepo akunena zoterozo. Bukulo ankalidziwadi. Linali la amuna ake.

A Efraimu anali mphunzitsi ku Nkhotakota mpaka tsiku limene analandira kalata yowadzudzula kuchokera kwa mkulu wina wa zamaphunziro, n'kuikonza Chingerezi ndi inki yofiira, n'kuibweza kwa mwini wake atalemba pansi pake kuti ayesenso. Ntchito inathera pomwepo. Anakwera sitima ndi mkazi wawo, mwana wawo Vanessa ali kumbuyo, thumba la zovala, ndi buku limodzi lonenepa la chikuto chobiriwira limene analandira ngati mphoto ali kusekondale. Ku Mbamba Bay anayamba kuphunzitsa ana a eni dziko Chingerezi pakhonde, anthu n'kumawatcha Mwalimu, ndiko kuti mphunzitsi. Chimene chinkadyetsa banjalo zinali zitumbuwa za Ketrina, koma nkhani imeneyi m'nyumbamo sinkakambidwa.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Efraimu ankasamba m'manja ngati akufuna kudya, n'kutsegula bukulo. Linali ndakatulo imodzi, yaitali ngati msewu wa ku Songea nthawi ya dzinja. Agiriki ankaiimba pamtima kalekale, Mngerezi wina n'kudzaimasulira m'chinenero chake, ndipo tsopano a Efraimu ankaiwolotsanso kachiwiri, kuchoka m'Chingerezi kulowa m'Chichewa, Ketrina akusankha mpunga pambali. Ankawerenga mzere umodzi mokweza, mitsempha ya m'khosi itatupa, kenaka n'kufufuza m'dikishonale, n'kulemba tanthauzo m'mphepete mwa tsamba ndi pensulo. Tsamba limodzi pa sabata, akakhala ofewa awiri.

"Womasulira ali ngati msodzi wa bwato laling'ono, mayi a Vanessa," ankatero. "Mawu akabwera ndi matanthauzo awiri, iye amakweza limodzi, linalo n'kulibwezera m'madzi. Ife tikudya zimene Mngereziyu anasankha."

"Ndiye ine ndikudya makombo a makombo," ankayankha Ketrina.

Poyamba ankangomvera monga mmene mkazi amamverera mwamuna wake akamafotokoza maloto. Panali miyezi iwiri yathunthu imene bukulo linkangotchula zombo, chakuti chinachokera kwakuti, munali amuna akutiakuti, ndipo Ketrina anafunsa ngati wolembayo ankagwira ntchito kudoko. Amuna a m'menemo asanaponyerane mikondo ankayamba aima n'kuuzana mayina a azigogo awo. Milungu yawo inali ndi miseche ngati apongozi. Mayina onse anali othyola lilime, choncho Ketrina anawapatsa ake. Kunali Wonyanyala, wamphamvu kuposa onse, amene anakhala mumsasa manja ali m'khwapa anzake akufa, chifukwa choti mkulu wa gulu anamulanda mkazi. Kunali Wachisamba, wa mbali inayo, mwana wa mfumu ya mzinda umene anauzingawo, yekhayo m'buku lonselo amene ankakumbukira kuti kunyumba wasiya mkazi ndi khanda. Ndiye kunali Gogo, mfumuyo, bambo ake a Wachisamba.

Zaka zinapita, ndipo mumpunga wa Lamulungu munayamba kupezeka miyala. Tsiku limene Wonyanyala anapha Wachisamba n'kumakoka mtembo wake m'fumbi kumbuyo kwa ngolo, makolo ake akuonerera pamwamba pa linga, Ketrina sanadye.

Anali atafika pamene Gogo anamanga ngolo yake kuti apite yekha kumsasa wa adani, akagwade pamaso pa amene anapha mwana wake, akapemphe mtembo. A Efraimu anaika tikiti yakale ya sitima patsambalo n'kutseka. Lachitatu lake kunabwera a Evarist.

Nthawi imeneyo ankafuna umwenyekiti, ndipo wojambula zithunzi za kampeni anawauza kuti munthu amaoneka bwino atagwira buku. Baibulo anali ataligwira kale wopikisana nawo. Anakhala pakhonde ola limodzi, a Efraimu akuwafotokozera za zombo chikwi, malovu akuthovoka ndi chimwemwe choti apeza wophunzira wandevu. Zonse zimene a Evarist ankadziwa za Agiriki zinachokera mu ola limenelo. Anabwereka bukulo kwa sabata imodzi.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero Ketrina mlendoyo atachoka.

"Maphunziro sabisa, mayi a Vanessa."

Panapita zaka khumi ndi zinayi. Chaka choyamba a Efraimu anakafunsa kanayi, chachiwiri kawiri. Yankho linali limodzi: "Ndikuwerengabe, Mwalimu, ndi lakuya." Kenaka analeka, pakuti a Evarist anali atapambana, ndipo mlendo wa ku Malawi akafuna kukonzanso mapepala ake okhalira m'dzikomo ankayambira pa kalata ya mwenyekiti, yonena kuti munthuyu timamudziwa, ndi wamtendere. Munthu wamtendere salonjerera buku. Kwa eni kulibe mkuwe.

Vanessa atakula n'kukayamba unamwino ku Mzuzu, anaipeza ndakatuloyo pafoni, ndipo atabwera patchuthi anafuna kuwawerengera bambo ake. Anamvera mizere itatu n'kuimika dzanja. Ameneyo anali womasulira wina, ati ankayankhula ngati wolengeza mauthenga pawailesi.

"Ndinayamba ndi Mngerezi wanga, ndidzamaliza naye. Ndipo pasapezeke wondiuza mathero. Mathero a nkhani yotere safunsa m'misewu."

Tsiku limenelo Ketrina anakwiya nawo kuposa mmene anakwiyirapo ndi a Evarist. Mantha ankawaletsa kukatenga buku lawo, kunyada n'kumawaletsa kumva mathero kwina, ndipo pakati pa manthawo ndi kunyadako Gogo uja anakhala panjira ndi ngolo yake zaka khumi ndi zinayi.

Tsopano a Efraimu anali gone m'nyumba. Sabata yapitayo madokotala a ku Liuli anawapima, n'kuyankhula nawo mwaulemu wochuluka, n'kuwauza kuti akapumule kunyumba. Aliyense amadziwa tanthauzo la ulemu woterowo. Ketrina atatseka mgahawa masana a tsiku la alendo a ku Songea lija, anawapeza atatsamira khoma, magalasi ali pamphuno, m'manja mulibe kanthu.

"A Mwenyekiti lero afika pa katatu," anawauza. "Mwezi watha anali pa kawiri."

A Efraimu anayamba kuseka, chifuwa n'kuwalanda kusekako. Atapuma anati, "Patsala masamba makumi awiri ndi atatu, mayi a Vanessa. Ndinawawerenga ndi chala ndisanatseke tsiku lija. Nditati ndisiye dikishonale, masiku atatu ndingamalize."

"Ndiye pitani mukatenge."

"Miyendo."

"Zaka khumi ndi zinayi miyendo inalipo."

A Efraimu anavula magalasi n'kumawapukuta ndi nsonga ya shati, monga ankachitira mwana akawafunsa funso limene sankalidziwa.

"Mapepala athu akutha mwezi wa Okutobala," anatero motsitsa mawu. "Ine sindidzawafunanso, koma inu mudzawafuna. Musakawakwiyitse. Mukapemphe bwinobwino."

M'mawa mwake, Lachinayi, Ketrina anavala chitenje cha kutchalitchi n'kukwera chitunda kupita kunyumba ya a Evarist, ya malata abuluu ndi mpanda wa njerwa. Mayi Fausta, akazi awo, anamulowetsa pabalaza n'kukaima pakhomo la kukhitchini, kiyi wa kabati akulendewera pachingwe m'khosi mwawo. Bukulo linali momwemo m'kabati yamagalasi, pakati pa makapu a alendo ndi chikho cha mpikisano wa mabwato. Chikuto chinali chitasuluka mbali yoyang'ana kuwindo.

Ketrina anagwada. Mawondo analira ngati chitseko chakale.

"Aa, shemeji, dzukani, mpando uwu." Ndi Amalawi a Evarist ankakonda kuyankhula Chichewa chimene anatola pa malonda a usipa, kuti anthu aone kuti zinenero nazo amazitha. "Mwalimu ali bwanji?"

"Akupita, bambo. Akupempha buku lawo. Masiku atatu okha, mudzalitenganso."

"Pole sana, pepani kwambiri." Anayang'ana kabati, n'kuyang'ana wotchi. "Vuto ndi Loweruka. Kukubwera alendo aakulu a kuboma, adzadya muno. Anamva kale kuti mwenyekiti amawerenga Agiriki, ndiye adzapeze m'kabati muli makapu okhaokha? Lolemba ndibwera nalo ndekha, ndi manja awiri. Mwalimu asade nkhawa. Agiriki akale ankati, imfa imamudikira munthu wophunzira."

Ketrina anakhalabe chogwada. Kuchokera pamene anali, bukulo linali pafupi kwambiri moti akanatha kuona nsonga ya tikiti ija itasuzumira pamwamba pa masamba.

"Popeza munaliwerenga katatu, tandiuzani ine ndekha, kwa Mwalimu sindikanena. Mtembo uja anamupatsa?"

"Mtembo uti, shemeji?"

Pakhomo la kukhitchini Mayi Fausta anayang'ana pansi.

"Wa mwana wa mfumu. Bambo ake anapita kukaupempha."

"Oo, umenewo." A Evarist anakonza wotchi padzanja. "M'bukumo mitembo ndi yambiri, munthu umasokoneza. Chachikulu n'choti anapambana."

"Ndani?"

"Agiriki. Zombo chikwi, shemeji, ungalimbane nazo?"

Ketrina anadzuka yekha, atagwira mwendo wa thebulo. Mayi Fausta anamuperekeza mpaka pageti, n'kumupatsa mapapaya awiri akuti a wodwala. Ketrina anawalandira. Mapapayawo sanalakwe.

"Akuti Lolemba," anawauza amuna ake atafika.

"Lolemba si patali."

"Si patali."

A Efraimu anatseka maso. Panja mbuzi ya aneba inkadya nsanamira ya khonde limene ana analeka kubwerapo. "Inuyo mukuganiza bwanji, mayi a Vanessa? Anamupatsa?"

Zaka zonsezo anali asanamufunsepo maganizo ake pa bukulo. Ankangomuuza. Ketrina anaganizira za mawondo ake, amene anali akuwawabe.

"Sanamupatse," anatero. "Anamuuza kuti abwere Lolemba."

Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza. Anamwalira Lachisanu dzuwa lili paliwombo, magalasi ali pamphuno.

Zowolotsa mtembo kupita ku Nkhotakota zinakambidwa mphindi zisanu n'kutha, pakuti ndalama zake panalibe. Loweruka alendo a kuboma anabwera kwa a Evarist, anadya, ndipo akuti bukulo analiona. Vanessa anazungulira njira ya kumtunda, masiku awiri a mabasi, choncho tsiku loika maliro linagwa Lolemba.

Anthu anadzaza bwalo, Amalawi a kumsika mbali ina, eni dziko mbali ina, pamodzi ndi ana akale a pakhonde amene tsopano anali ndi ndevu ndi ana awoawo. Bokosi linali pamabenchi awiri, lisanakhomedwe. Woyendetsa mwambo anali a Jastin, mkulu wa mpingo, wobadwira ku Liuli koma mayi awo a ku Likoma, choncho chilichonse ankachinena kawiri, m'Chiswahili ndi m'Chichewa.

A Evarist anapatsidwa mphindi zisanu, anatenga makumi awiri. Anati dera lonse la Nyasa, ukapita ku Lipingo, ukakwera ku Tingi, linali ndi anthu awiri okha owerenga Agiriki, ndipo lero watsala mmodzi. Anati iwo ndi malemu ankakhala pansi kukambirana zakuya zimene anthu wamba sangazimve. Anapukuta m'maso ndi mpango. Misozi inalipo ndithu. Anthu ena amalira bwino akamadzimvera okha.

Kenaka a Jastin anafika pa funso limene amafunsa bokosi lisanakhomedwe, kuti munthu asapite ali womangika: ngati alipo amene malemu anamutengera kanthu, kapena amene akusunga kanthu ka malemu, anene pano. Funsoli kawirikawiri limayankhidwa ndi chete, nkhani zake n'kukathera kuseri kwa nyumba. A Jastin anali atatsegula kale buku la nyimbo.

"Alipo," anatero Ketrina.

Mkazi wamasiye sayankhula pabwalo. Amakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, mutu uli pansi, azimayi atamugwira mapewa. Ketrina anakumbukira za Okutobala, za kalata ija, za munthu wamtendere. Anaona kuti m'banja mwawo mtendere unali utakwana, gawo lake lalikulu linali m'bokosimo.

"A Mwenyekiti akusunga buku la malemu. Anabwereka kwa sabata imodzi, papita zaka khumi ndi zinayi. Anati abwera nalo Lolemba, ndi manja awiri. Lero ndi Lolemba."

A Jastin anamasulira m'Chiswahili ndi mawu otsika, ngati kuti akatsitsa mawu nkhaniyo ichepa. A Evarist anaimirira akumwetulira, nati shemeji ali pachisoni, tonse tikumvetsa, bukulo lili bwinobwino kunyumba, ndipo mwambo ukatha...

"Lili pano."

Mayi Fausta anadzuka pakati pa azimayi n'kumasula nsalu ya kanga imene anali atafumbata pamimba chifikireni. Anayenda mpaka pamene panali amuna awo, n'kuwaika bukulo m'manja, onse awiri, n'kubwerera kukakhala. Kumaso sanawayang'ane.

A Evarist anali munthu wodziwa kugwa chagada n'kudzuka ngati amachita masewera. Anakweza bukulo kuti onse aone, nati ndi iwo amene anauza mayi kuti alitenge, kungoti chisoni chinawaiwalitsa. Anayamba kuyenda kulunjika pamphasa.

"Lisanafike kuno," anatero Ketrina. "Malemu anasiya masamba makumi awiri ndi atatu. Pamene analekezera pali tikiti ya sitima. Bokosi ndi lotsegula, mwini wake ali pomwepa. Awerenge."

A Jastin anatsegula pakamwa kuti amasulire, n'kuima. Anawerama pang'ono kuti afunse mwakachetechete, koma pabwalo panali zii moti aliyense anamva.

"Mama, ndinene chiti? Asome, kapena ahesabu?"

"Munene zonse ziwiri. Asankhe okha chimene angathe."

Kumbali ya Amalawi wina anatsokomola, chifuwa chija chimene chimamugwira munthu akameza kuseka pamaliro. A Jastin anamasulira zonse ziwiri, mokhulupirika, monga ankachitira ndi ulaliki.

A Evarist anatsegula bukulo. Linayamba lakana. Chinyezi cha zaka zonsezo chinali chitamata masamba, ndipo linalira ngati nsalu ikung'ambika. Linatseguka pamene panali tikiti, yofiirira ndi ukalamba, itadinda chithunzi chake patsamba. Kumanzere, m'mphepete monse munali timalemba ta pensulo ta a Efraimu, tothithikana ngati nyerere. Kumanja kunali mbee. A Evarist anayang'ana mzere woyamba nthawi yaitali, milomo ikugwedera koma osatuluka kanthu. Anapapasa thumba la shati, anapapasa la jekete, nati magalasi atsala m'galimoto. Bambo wina wa mtima wabwino, kapena woipa, anadzipereka kukawatengera. Iwo anati ayi, tisamuchedwetse Mwalimu, ndiponso chofunika pa katundu wobweza n'kuonetsetsa kuti wakwana.

Ananyowetsa chala ndi malovu.

"Moja. Mbili. Tatu."

Tsamba lililonse ankachita kulimatula kwa linzake ndi chikhadabo. Zinatenga nthawi. Palibe amene anawathandiza, ndipo azimayi a kwaya, amene amadziwa kuphimba manyazi a munthu ndi nyimbo, tsiku limenelo anaiwala nyimbo zonse. Pofika pa kumi na tano, tsamba la khumi ndi chisanu, thukuta linali litanyowetsa kolala. Anthu ena ankawerengera nawo chamumtima, milomo ikuyenda.

"Ishirini na tatu."

"Akwana," anatero Ketrina.

A Evarist anapereka bukulo ndi manja awiri, monga analonjezera. M'maso mwawo munali Okutobala yense. Ketrina anamuona, n'kumusiya kuti adikire nthawi yake. Anapatsira bukulo Vanessa, amene anali atakhala pambali pake.

"Nthawi yowawerengera bambo ako inatha Lachisanu. Ungondionera chimodzi. Pali mfumu yokalamba inapita kukapempha mtembo wa mwana wake kwa amene anamupha. Anamupatsa?"

Vanessa anayendetsa chala m'masamba omatukawo, akudumpha, akubwerera, anthu onse akudikira padzuwa.

"Anamupatsa, amayi. Wakuphayo analira naye limodzi. Analamula kuti mtembowo ausambitse, n'kumupatsanso mkuluyo chakudya."

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

"Anagwada kangati?"

Vanessa anayang'ananso. "Kamodzi."

Ketrina anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anasendera pafupi ndi bokosi n'kuyang'ana nkhope ya amuna ake, imene popanda magalasi inkaoneka ya munthu wosaphunzira kwenikweni.

"Ndinakunamizani, bambo a Vanessa," anatero motsitsa. "Ndinayesa Agiriki ndi anthu ngati ife."

A Jastin anadikira pang'ono, kenaka anafunsa m'zinenero zonse ziwiri, pamaso pa anthu onsewo, ngati nkhani ya katundu wa malemu yatha.

"Buku labwera," anatero Ketrina.

Anatenga tikiti ija n'kuilowetsa m'thumba la jekete la malemu, pakuti ulendo unali wawo. Bukulo analikulunga m'chitenje chake n'kuliika pamiyendo.

"Khomani."